Dzuwa, Mwana ndi Nthanda: Kuunika Mayankho a Akhristu pa Cipembedzo ca Nyengo Yatsopano m'Mafilimu a Ziwembu

1. Mau oyamba

M'mwezi wa June 2007 Peter Joseph wa ku America anaika pa intaneti filimu ya maola pafupifupi awiri yochedwa Zeitgeist: The Movie. Filimuyi ili ndi zigawo zitatu. Cigawo coyamba cimakamba kuti Yesu sanakhalepo ndi kale lomwe, ndipo kuti mbiri yake inatengedwa ku nthano zakale za milungu ya dzuwa. Caciwiri cimanena kuti akuluakulu ena a boma la America anatengako mbali pa zoopsa za pa 11 September 2001. Cacitatu cimaimba mlandu kagulu ka eni mabanki kuti ndiko kamautsa nkhondo ndi kukonza boma limodzi la dziko lonse lapansi. Akhristu ambiri anaiyankha filimuyi, ena m'mabuku, ena m'nyuzipepala, ndipo ena anapanga mafilimu awoawo.

Nkhani ino iunika mayankho amenewo. Sitifuna kuweruza ngati cikhulupiriro ca Cikhristu n'coona kapena ai. Imeneyo ndi nchito ya ena. Funso lathu ndi la kawerengedwe: kodi otsutsawa amadalira umboni wotani, ndipo woonerera amatsala ndi cizolowezi cotani filimu ikatha? Tidzaonetsa kuti mayankhowa ali mitundu iwiri. Mtundu woyamba umabwerera ku zolembedwa zakale ndi ku zinenero zake, ndipo umapambana. Waciwiri umayankha ciwembu ndi ciwembu cina cokulirapo, ndipo pocita tero umabwereka njira zonse za filimu imene ukuitsutsa. Popeza umboni wambiri wa mbali zonse ziwiri watsamira pa kufanana kwa mau, nkhaniyi ikukhudza mwacindunji ife ophunzira ndi ophunzitsa zinenero.

2. Nyengo Yatsopano ndi mafilimu a ziwembu

Dzina lakuti New Age, limene m'nkhani ino tidzalimasulira kuti Nyengo Yatsopano, silichula mpingo umodzi wokhala ndi mtsogoleri ndi likulu. Ndi msanganizo wa zikhulupiriro umene unafala ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980: kuti Mulungu ndi mphamvu yopezeka m'zinthu zonse, kuti munthu aliyense ali ndi umulungu mkati mwake, kuti mzimu umabadwanso m'thupi lina, ndi kuti dziko likucoka m'nyengo ya nyenyezi za Pisces, ndiko kuti Nsomba, kulowa m'nyengo ya Aquarius, Wonyamula Madzi. Mizu yake imafika ku bungwe la Theosophical Society limene Helena Blavatsky ndi anzake anakhazikitsa ku New York mu 1875, ndiponso ku mabuku a Alice Bailey.

Zeitgeist imadzionetsa ngati filimu yotsutsa zipembedzo zonse. Komabe cigawo cake coyamba cimamasulira Baibulo lonse monga kalendala ya openda nyenyezi. Cimati Mose ndi wa nyengo ya Nkhosa, Yesu ndi wa nyengo ya Nsomba, ndipo munthu wosenza mtsuko wa madzi amene Luka amamuchula m'caputala 22 ndi cizindikiro ca nyengo ya Aquarius, imene filimuyi imati idzayamba ca m'ma 2150. Filimu yotsatira, Zeitgeist: Addendum ya mu 2008, imayamba ndi kutha ndi mau a Jiddu Krishnamurti, mphunzitsi wa ku India amene analeredwa ndi atsogoleri a Theosophical Society. Mu 2011 Charlotte Ward ndi David Voas anafalitsa nkhani imene inapatsa msanganizo wotere dzina lakuti conspirituality, ndiko kunena kuphatikizana kwa nkhani za ziwembu zobisika ndi ciyembekezo ca kugalamuka kwauzimu. Conco Akhristu amene ananunkhiza cipembedzo m'mafilimu odzicha osapembedza sanalakwe. Pamene pali mlandu ndi pa zimene anacita nazo zimene anaonazo.

3. Yankho loyamba: kubwerera ku magwero

Mphamvu ya cigawo coyamba ca Zeitgeist ili mu mndandanda. Wolankhula amachula mofulumira kuti Horus wa ku Egypt anabadwa pa 25 December kwa namwali, anabatizidwa ali ndi zaka 30, anali ndi ophunzira 12, anapacikidwa, ndipo anauka patapita masiku atatu. Kenaka amabwereza zofananazo pa Attis, Krishna, Dionysus ndi Mithra. Woonerera sapatsidwa mpata wofunsa kuti zimenezi zinalembedwa pa gumbwa uti kapena pa khoma la kacisi uti.

Otsutsa a mtundu woyamba anafunsa funso lomwelo. Mmodzi wa iwo ndi Chris Forbes, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa mbiri yakale pa Yunivesite ya Macquarie ku Sydney. Enanso anatsata njira yomweyo m'mbali zina za filimu ya Elliott Nesch yochedwa Zeitgeist Refuted. Zimene anapeza n'zoonekeratu. M'nthano ya ku Egypt, monga momwe Plutarch anaifotokozeranso ca m'ma 100 A.D., Isis anatenga pakati pa Horus kucokera kwa mwamuna wake Osiris. Palibe colembedwa cakale conena kuti Horus anapacikidwa. Mithra wa Aroma amajambulidwa akutuluka m'thanthwe. Krishna anali mwana wacisanu ndi citatu wa Devaki, ndipo anafa atalasidwa mubvi kuphazi ndi mlenje. Ndiponso zinthu zina zimene filimuyi imaziyerekeza sizili m'Cipangano Catsopano n'komwe: Mauthenga Abwino sachula tsiku limene Yesu anabadwa, ndipo 25 December imayamba kuoneka m'kalendala ya ku Roma ya caka ca 354. Mateyu sanena kuti anzeru a kum'mawa anali atatu kapena kuti anali mafumu.

Za nyenyezi nazo sizilimba. Kusuntha kwa pang'onopang'ono kwa malo a dzuwa pakati pa nyenyezi, kumene kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kuzungulire, anayamba kukufotokoza ndi Hipparchus wa ku Greece ca m'ma 130 B.C. Zizindikiro 12 za openda nyenyezi zinakhazikika ku Babulo ca m'ma 400 B.C., zaka zikwi pambuyo pa nthano zoyambirira za Horus. Filimuyi imatinso m'masiku otsiriza a December dzuwa limaima pafupi ndi nyenyezi za Mtanda wa Kum'mwera, pamene m'masiku amenewo limakhala ku nyenyezi za Sagittarius, kutali ndi Mtandawo.

Nanga mndandandawu unacokera kuti? Unadzera m'buku la The Christ Conspiracy la mu 1999, lolembedwa ndi D. M. Murdock amene ankadzicha Acharya S, ndipo iye anatapa kwa olemba a zaka za m'ma 1800 monga Kersey Graves ndi Gerald Massey. Massey anali mlakatuli wa ku England, wokhulupirira zolankhula ndi mizimu, amene anadziphunzitsa yekha za Egypt. Akatswiri a za Egypt sabvomereza zomasulira zake. Ngakhale Bart Ehrman, katswiri wa Cipangano Catsopano amene sali Mkhristu, anatsutsa buku la Murdock m'buku lake la mu 2012, Did Jesus Exist? Ici n'cizindikiro ca yankho lolimba: munthu wosakhulupirira akhoza kuliyesa yekha ndi kufika pa mfundo yomweyo.

4. Umboni wa cinenero

Mbali imene itikhudza kwambiri ndi ya magwero a mau. Zeitgeist imaseweretsa mau awiri a Cingerezi, sun ndi son, kuti woonerera amve ngati Mwana wa Mulungu ndi dzuwa la Mulungu n'cinthu cimodzi. Forbes anaonetsa kuti masewerawa amatheka m'Cingerezi cabe. M'Cigiriki dzuwa ndi helios ndipo mwana wamwamuna ndi huios. M'Ciheberi ndi shemesh ndi ben. M'Cilatini ndi sol ndi filius. Wowerenga wa Cinyanja safunikira ngakhale zinenero zimenezo. Angomasulira ciganizoco: dzuwa ndi mwana sizifanana pena paliponse, ndipo umboni wonse wasungunuka. Jordan Maxwell, amene mau ake amamveka m'filimuyi, ankaphunzitsanso kuti liu lakuti horizon linacokera ku dzina la Horus, pamene linacokera ku mneni wa Cigiriki horizein, kuika malire.

Citsanzo cina ndi ca cilembo M. Filimuyi imati maina a Mariya, Myrrha ndi Maya amayamba ndi M kamba kakuti cizindikiro ca nyenyezi za Virgo, Namwali, cimafanana ndi cilemboco. Koma cizindikiro ca Scorpio, Cinkhanira, naco cimafanana ndi M, ndipo maina atatuwa ndi a zinenero zitatu zokhala ndi malembedwe osiyana. Tikati titsate nzeru yotereyi kuno kwathu, ndiye kuti munthu, mkazi, mwana, mlendo ndi mfiti onse ndi ana a nyenyezi imodzi, pamene tonse tidziwa kuti m- ameneyo ndi mphatikiram'mbuyo wa gulu la maina.

Ophunzira zinenero za Bantu anazolowera lamulo lina. Ubale wa mau sutsimikizika ndi kufanana kumodzi, koma ndi kusintha kwa mamvekedwe kobwerezabwereza. Timati munthu ndi umuntu wa Cibemba ndi liu limodzi cifukwa cinthu cimayenderana ndi icintu, nkhuni ndi inkuni, nkhondo ndi inkondo, mphepo ndi impepo: pamene Cinyanja ciika mpweya pambuyo pa n kapena m, Cibemba siciika. Iyi ndiyo njira ya Carl Meinhof ndi ya Malcolm Guthrie m'mabuku ake a Comparative Bantu a 1967 mpaka 1971. Mbali inayi, mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, koma ndi mau awiri osiyana ndi kakwezedwe ka liu komwe. Amene sasiyanitsa mitundu iwiri ya kufananayi akhoza kutsimikiza ciliconse.

5. Yankho laciwiri: ciwembu pamwamba pa ciwembu

Mtundu waciwiri wa mayankho ndi wakale kuposa Zeitgeist. Mu 1983 Constance Cumbey, loya wa ku Detroit, anafalitsa The Hidden Dangers of the Rainbow, momwe anati Nyengo Yatsopano ndi gulu lolinganizidwa bwino, lofanana ndi cipani ca Nazi, lokonzera njira Wokana Khristu. Mu 1984 kampani ya Jeremiah Films inatulutsa filimu ya Gods of the New Age, yocenjeza kuti Cihindu cikulowerera m'maiko a azungu kudzera mu yoga ndi aphunzitsi a ku India. Zeitgeist itafala, Keith Thompson anapanga Aquarius: The Age of Evil, imene imalumikiza gulu la Peter Joseph ndi Blavatsky, Bailey ndi boma lobisika la dziko lonse.

Mafilimu otere ali ndi mfundo zoona. Bailey ndi mwamuna wake anakhazikitsadi kampani yofalitsa mabuku mu 1922 yochedwa Lucifer Publishing Company, imene pambuyo pake inasintha dzina kukhala Lucis. Bungwe la Lucis Trust lili ndi cilolezo copereka maganizo ku nthambi ya United Nations yoona zacuma ndi cikhalidwe. Mu 1982 Benjamin Creme analipira nyuzipepala zikuluzikulu kulengeza kuti Khristu, amene iye ankamucha Maitreya, wafika kale padziko. Bvuto lili pa ulusi wosokera mfundozi. Cilolezo ca Lucis Trust cili ndi mabungwe ena zikwi zingapo, kuphatikizapo a Cikhristu. Tsiku limene Creme analonjeza linadutsa popanda woonekera. Ndipo amene achula Krishnamurti monga umboni wa mphamvu ya Theosophy ayeneranso kunena kuti mu 1929 iye anathetsa gulu limene anam'konzera, nakana udindo wa mphunzitsi wa dziko lonse. Zimenezi zikasiyidwa, woonerera amaona mzere wowongoka pamene m'mbiri muli mikangano, kugawikana ndi kulephera.

Michael Barkun, m'buku la A Culture of Conspiracy la mu 2003, anachula maganizo atatu amene amagwira nkhani zonse za ziwembu: kuti palibe cocitika mwangozi, kuti palibe cili monga cionekera, ndi kuti zonse n'zolumikizana. Maganizo atatuwa amapezeka mu Zeitgeist ndi mu Aquarius mofanana. Kapangidwe nako n'kamodzi: liu la munthu wosaoneka, nyimbo zoopsa, zithunzi zosinthana mofulumira, timau todulidwa m'mabuku, ndi lonjezo lakuti woonerera tsopano ali m'gulu la ocepa ogalamuka. Coposa apo, yankho lotere limakana cigawo coyamba ca Zeitgeist koma limalandira maziko a cigawo cacitatu, nkhani ya kagulu kobisika kolamulira ndalama ndi maboma. Nkhani imeneyo ili ndi mbiri yoipa, pakuti kwa zaka zambiri yakhala ikugwiritsidwa nchito poneneza Ayuda. Buku la Pat Robertson la mu 1991, The New World Order, linadzudzulidwa pa cifukwa comweci, kuti linatapa kwa olemba monga Nesta Webster. Akuluakulu anati anyani sasekana zikundu.

6. Mau atatu: conspiracy, Lucifer ndi Easter

Kufanana kwa mbali ziwirizi kumaonekera bwino m'kagwiritsidwe ka mau. Mu 1980 Marilyn Ferguson anacha buku lake The Aquarian Conspiracy. Iye anatenga liuli m'tanthauzo la muzu wake wa Cilatini, kupuma pamodzi, ndipo anafotokoza anthu obalalika opanda mtsogoleri amene amaganiza mofanana. Otsutsa ena anawerenga mutuwo ngati kuulula mlandu. Wolemba anaseweretsa liu, wowerenga nalitenga monga umboni wa m'khoti.

Liu lakuti Lucifer m'Cilatini limatanthauza wonyamula kuunika, ndipo linali dzina la nyenyezi imene ife timaicha nthanda. Baibulo la Cilatini limaligwiritsa nchito pa Yesaya 14, ponena za mfumu ya Babulo, ndipo kucokera pamenepo linasanduka dzina la Satana. Koma Baibulo lomwelo limaligwiritsanso nchito m'kalata yaciwiri ya Petro, m'tanthauzo labwino, ndipo m'zaka za m'ma 300 kunali bishopu wa ku Cagliari wochedwa Lucifer. Ici sicitanthauza kuti a Theosophy anasankha dzinali mosadziwa. Blavatsky analikonda pofuna kuputa Akhristu, nacha nalo magazini yake. Koma amene afuna kutsutsa ziphunzitso zawo ayenera kuwerenga mabuku awo ndi kuonetsa zimene amaphunzitsa. Dzina lokha silimaliza mlandu.

Citsanzo cacitatu ndi ca Easter. Alexander Hislop, mbusa wa ku Scotland, m'buku la The Two Babylons limene linayamba kutuluka mu 1853, anati liuli linacokera kwa Ishtar, mulungu wamkazi wa ku Babulo. Cinenezo cimeneci cimabwerezedwa lero ndi otsutsa Cikhristu ndiponso ndi Akhristu ena otsutsa mipingo inzawo. Koma Bede, wolemba wa ku England wa zaka za m'ma 700, anati dzinali linacokera ku mwezi wa Angerezi akale wochedwa ndi dzina la Eostre. Zinenero zambiri zilibe n'komwe liuli: Cifalansa cimati Pâques, Cipwitikizi Páscoa, ndipo Ciswahili ndi Cinyanja zimati Pasaka, zonse kucokera ku Pesach ya Ciheberi. Apanso kumasulira kokha kwagwetsa nyumba. Tiyenera kukumbukira mlaliki wa ku America Ralph Woodrow, amene mu 1966 analemba buku lotsata Hislop. Atapita kukaona magwero amene Hislop anachula, anapeza kuti sagwirizana ndi zonenazo, analeka kusindikiza buku lake ngakhale linali kugulidwa kwambiri, ndipo mu 1997 analemba lina lotsutsa njira yonseyo. Hislop wa Cikhristu ndi Massey wotsutsa Cikhristu anali a sukulu imodzi: onse ankasonkhanitsa zofanana, osafunsa ngati cina cinabaladi cinzake.

7. Kutsutsa ciphunzitso popanda ciwembu

Wina angafunse kuti, ngati Mkhristu ataya nkhani ya ciwembu, kodi watsala ndi conena? Watsala ndi zambiri, ndipo ndi zolimba. Douglas Groothuis mu Unmasking the New Age ya mu 1986, ndi Elliot Miller mu A Crash Course on the New Age Movement ya mu 1989, anatsutsa ziphunzitsozi kolimba koma anacenjeza anzawo kuti asakokomeze za ciwembu. Mu February 2003 nthambi ziwiri za ku Vatican zinatulutsa cikalata cochedwa Jesus Christ the Bearer of the Water of Life, cimene mutu wake womwe ukuyankha fanizo la Wonyamula Madzi. Cikalataco cimabvomereza kuti anthu ambiri amapita ku Nyengo Yatsopano cifukwa ca ludzu lenileni lauzimu limene mipingo siinalithetse. Kenaka cimaika kusiyana poyera: Mulungu amene munthu angalankhule naye kapena mphamvu yopanda nkhope, ucimo wofuna cikhululuko kapena umbuli wofuna cidziwitso, cipulumutso colandira mwa cisomo kapena cipulumutso codzipezera wekha, kuuka kwa akufa kapena kubadwanso m'matupi ena.

Mfundo yomweyo ikhoza kutembenuzidwira kwa mafilimu a ziwembu onse. Uthenga wawo ndi wakuti anthu ambiri ali m'tulo, ndipo opulumuka ndi ocepa amene adziwa cinsinsi. Mpingo wa zaka za m'ma 100 unalimbana ndi ciphunzitso cotere mwa a Gnostic, ndipo Irenaeus wa ku Lyon anaciyankha ponena kuti ciphunzitso ca atumwi cinalalikidwa poyera kwa onse. Filimu ya Cikhristu imene imauza woonerera kuti citetezo cake cili m'kudziwa zizindikiro zobisika za m'nyumba za maboma ndi m'mitu ya mabuku yalowa yokha m'cipembedzo cimene inabwera kudzacitsutsa. Imakhalanso ndi zotsatira zake pakati pa anthu. Munthu wophunzitsidwa kuona Satana mu utawaleza, m'cilembo kapena m'dzina sacedwa kumuona mwa mnansi wake.

8. Mau otsiriza

Mayankho a Akhristu pa mafilimu ngati Zeitgeist sayenera kuikidwa m'nkhokwe imodzi. Amene anatsegula Plutarch, kalendala ya 354 ndi mabuku otanthauzira mau a Cigiriki anasiyira owerenga cida cimene angagwiritse nchito pa filimu ina iliyonse. Amene anangosintha dzina la woipa, kucotsa ansembe ndi kuikapo a Theosophy, anasiya woonerera monga anam'pezera, wokonzeka kukhulupirira filimu yotsatira yokhala ndi nyimbo zoopsa kuposa.

Kwa aphunzitsi a zinenero pali phunziro logwira nchito. Mafilimuwa amafika kwa ophunzira athu m'Cingerezi, ndipo kawirikawiri cinenero cimeneco cimamveka ngati ca anthu odziwa. Koma wophunzira wodziwa Cinyanja, Cibemba kapena Citonga ali ndi muyeso umene woonerera wa cinenero cimodzi alibe. Mphunzitsi akhoza kutenga mphindi zisanu za filimu yotere, kupempha kalasi kuti limasulire ciganizo ciliconse, ndi kufunsa mafunso atatu: kodi mfundoyi yapulumuka pomasulira? Kodi colembedwa cakale cimene cikuchulidwa ndi citi, ndipo ndi ca caka citi? Kodi kufananaku kumabwerezedwa mwa lamulo, monga nkhuni ndi inkuni, kapena kwangocitika kamodzi, monga mtengo ndi mtengo? Mafunso amenewa sasankha mbali, ndipo ayenera kufunsidwa kwa Peter Joseph ndi kwa omutsutsa mofanana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha koteroko n'kumene maphunziro a zinenero angapereke pa mkangano umenewu.